Opanga makina a faiba akumezana: kodi boma la Lago lipindulapo chiyani?

METANGULA. Pa 28 Febuluwale 2025, kampani ya Nokia ya ku Finland idamaliza kugula kampani ya Infinera ya ku America pa mtengo wa madola 2.3 biliyoni. Nkhaniyi siidakambidwe pa msika wa Metangula kapena pa doko la Cóbuè. Komatu makampani awiriwa amapanga makina oyendetsa mauthenga m'zingwe za faiba, ndipo zingwe za mtundu umenewu ndi zomwe zimanyamula mawu a msodzi akamafunsa mtengo wa usipa ku Lichinga, ndalama za M-Pesa ndi e-Mola, ngakhalenso makalata a maofesi a boma. N'chifukwa chake nkhani yooneka yakutaliyi ikukhudza anthu a m'mphepete mwa nyanja ya Niassa.

Anthu ambiri amaganiza kuti mawu a telefoni ya m'manja amayenda m'mlengalenga ulendo wonse. Zoona zake n'zakuti amayenda chotero kuchoka pa foni kufika pa antena. Kupitirira apo, mbali yaikulu ya ulendowo ndi ya m'chingwe. Faiba ndi kaulusi ka galasi kopyapyala ngati tsitsi, ndipo uthenga umadutsamo ngati kuwala. Kumapeto kwa chingwe kumakhala makina osandutsa mawu ndi zithunzi kukhala kuwala, ndipo pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 alionse pamafunika makina ena opatsa kuwalako mphamvu. Popanda makinawa, chingwe ndi galasi chabe.

Ogulitsa akuchepa

M'zaka makumi awiri zapitazi, makampani opanga makinawa akhala akugulana monga momwe nsomba zikuluzikulu zimamezera zing'onozing'ono. M'chaka cha 2006, Alcatel ya ku France idaphatikizana ndi Lucent ya ku America, ndipo mu 2016 Nokia idagula zonse ziwiri. Mu 2010 Ciena idatenga nthambi ya faiba ya kampani ya Nortel ya ku Canada, yomwe idali itagwa ndi ngongole. Infinera nayo, isadagulidwe, idali itameza Transmode ya ku Sweden mu 2015 ndi Coriant mu 2018. Mu 2021 Cisco idapereka madola 4.5 biliyoni kuti itenge Acacia, ndipo mu 2022 Adtran idaphatikizana ndi ADVA ya ku Germany.

Zotsatira zake n'zakuti dziko lofuna kugula makina a msewu waukulu wa faiba latsala ndi zitseko zochepa zogogodapo: Huawei ndi ZTE za ku China, Ciena ndi Cisco za ku America, komanso Nokia. Zitsekozi sizitseguka mofanana. Kuyambira mu Meyi 2019, pamene boma la America lidaika Huawei pa mndandanda wa makampani oletsedwa kugula zipangizo zina za ku America, msikawu udagawika pawiri, ndipo kusankha wogulitsa kudasanduka nkhani ya ndale za maiko.

Ngakhale zingwe za pansi pa nyanja ya mchere zidasintha eni ake. Huawei idagulitsa nthambi yake yoyala zingwe m'nyanja kwa kampani ya Hengtong, ndipo kumapeto kwa 2024 boma la France lidagula gawo lalikulu la Alcatel Submarine Networks kwa Nokia, poona kuti ntchitoyi ndi yokhudza chitetezo cha dziko.

Chomwe akuthamangira

Chifukwa chachikulu cha kugulanaku ndi mtengo wa luso latsopano. Kaulusi kamodzi kamatha kunyamula mitundu ya kuwala yoposa 80 nthawi imodzi, uliwonse ndi mauthenga akeake. Cha m'ma 2010, mtundu umodzi udayamba kunyamula magigabiti 100 pa sekondi. Kenaka padabwera 400 ndi 800, ndipo mu 2024 Ciena idatulutsa makina ofika pa 1,600. Makina omwe kale ankadzaza kabati tsopano ena ndi aang'ono ngati bokosi la machesi lalitali, ongolowetsa pa bowo la chipangizo china. Kupanga tizipangizo totere kumadya ndalama zambiri, moti kampani yaing'ono siingapirire payokha.

Chifukwa chachiwiri ndi ogula. Amene akutsogolera msikawu masiku ano ndi makampani monga Google, Meta, Amazon ndi Microsoft, omwe akumanga nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta a nzeru zopanga, zotchedwa AI. Nokia yomwe idanena poyera kuti ikugula Infinera pofuna kukula ku North America ndi kufikira ogula amenewa. Apa m'pamene pali nkhawa: wopanga makina amamvera wogula wamkulu, ndipo zosowa za dera la midzi yotalikirana, ya magetsi osadalirika, sizikhala patsogolo pa mapulani ake.

Mbali ya Moçambique

Dziko la Moçambique lidalumikizidwa ku zingwe zikuluzikulu za m'nyanja kudzera ku Maputo: SEACOM mu 2009 ndi EASSy mu 2010. M'kati mwa dziko, kampani ya boma ya TDM idayala faiba yofika m'malikulu a zigawo, kuphatikizapo Lichinga. Movitel, yomwe mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam, idayamba ntchito mu 2012 itapachika zingwe zake pa mitengo m'mbali mwa misewu, ndipo ndiyo idafikitsa telefoni m'midzi yambiri yomwe idali isadaonepo antena.

Kuphatikizana kwa makampani kudachitikanso m'dziko momwemo. TDM ndi mcel zidasanduka Tmcel, yomwe idayamba kudziwika ndi dzinali mu 2019, itasenza ngongole zambiri. Ntchito yokonzanso makina ake idapatsidwa kwa Huawei, ndi ngongole yochokera ku banki ya Exim ya ku China. Umu ndi momwe zimakhalira m'maiko osauka: amene wabweretsa ngongole ndiye amabweretsanso makina, ndipo zopumira, maphunziro a amisiri ndi ziphaso za mapulogalamu zimachokera kwa iye yemweyo kwa zaka zambiri.

Mu 2023, chingwe cha 2Africa, chotalika makilomita 45,000, chidafika ku Maputo ndi ku Nacala, pomwe chidalandiridwa ndi Vodacom. Kwa chigawo cha Niassa imeneyi ndi nkhani yaikulu, chifukwa Nacala ali pafupi kudzera ku Nampula ndi Cuamba, ndipo mauthenga a kumpoto sakakamizikanso kutsikira kaye ku Maputo asadatuluke m'dziko. Kufunika kwa njira yachiwiri kudaoneka pa 12 Meyi 2024, pamene SEACOM ndi EASSy zidaduka tsiku limodzi kufupi ndi gombe la South Africa. Intaneti idavuta ku Moçambique, Malawi, Tanzania ndi Kenya, ndipo kukonza kudatenga masabata angapo.

Kumapeto kwa chingwe

Boma la Lago lili kumapeto kwenikweni kwa njira imeneyi. Kuchokera ku Lichinga kutsikira ku Metangula kudzera ku Maniamba pali makilomita oposa 100, ndipo kupitirira kumpoto, ku Messumba ndi ku Cóbuè moyang'anana ndi chilumba cha Likoma, msewu ndi wovuta nthawi ya mvula. M'dera lotere, netiweki, yomwe ambiri amangoti rede, siithawa chifukwa choti makina ndi ochedwa. Imathawa chifukwa moto wolusa watentha mtengo wonyamula chingwe, madzi akokolola msewu, mabatire a antena atha mphamvu, kapena kachipangizo kena kapsa ndi mphezi. Zikatero wogulitsa nsomba satha kulandira ndalama zake, ndipo namwino satha kuitanitsa ambulansi.

Luso latsopanoli lili ndi ubwino wake kwa dera ngati limeneli. Chingwe chomwe chidayalidwa kale sichifunika kuchotsedwa. Pongosintha makina a kumapeto, chimanyamula mauthenga ochuluka kuposa kale. Kaulusi kamodzi kofika ku Metangula kangakwanire makampani onse atatu a telefoni, sukulu, chipatala ndi maofesi a boma. Komanso tizipangizo tina, monga ta muyeso wa 400ZR womwe udagwirizanidwa mu 2020, timagwira ntchito pamodzi ngakhale tapangidwa ndi makampani osiyana, zomwe zimachepetsa kudalira wogulitsa mmodzi.

Kuipa kwake n'kwakuti kampani ikagulidwa, mwini watsopano kawirikawiri amasiya kupanga mitundu ina ya makina. Madera akutali ndiwo amatsala ndi makina akale, ndipo ndiwo amayamba kusowa zopumira. Ogulitsa akachepa, mpata wonenerera mtengo nawo umachepa. Starlink, yomwe idayamba kugulitsa intaneti ya setilaiti m'Moçambique mu 2023, yapereka njira ina kwa mahotela ndi mabungwe, koma mtengo wake si wa msodzi wa bwato limodzi.

Choncho funso loyenera kufunsa akuluakulu a chigawo ndi bungwe la INCM, lomwe limayang'anira za matelefoni, si la liwiro la makina. Mafunso ake ndi awa: kodi chingwe chikaduka pakati pa Maniamba ndi Metangula, pali njira ina? Kodi makampani akukakamizidwa kugawana mitengo, zingwe ndi magetsi m'malo moti aliyense azivutika payekha? Kodi zopumira zimasungidwa ku Lichinga, kapena zimadikiridwa kuchokera ku Maputo? Nanga mapangano ogulira makina akunena chiyani za zaka zomwe wogulitsa adzapitirize kuwasamalira, ngakhale kampani yake itagulidwa ndi ina?

Anthu a ku Lago alibe mphamvu pa zomwe Nokia kapena Huawei angagule mawa. Koma mayankho a mafunso anayiwa ali m'manja mwa maofesi a ku Lichinga ndi ku Maputo, ndipo eni mafoni a m'mphepete mwa nyanja, omwe amalipira kiredito tsiku ndi tsiku, ali ndi ufulu woyankhidwa.