KOMPYUTA NDI KHASU LA WOPHUNZIRA UDOKOTALA

Pali anthu ena, ngakhale m'maofesi a Boma momwe, amene akufalitsa maganizo akuti wophunzira udokotala safunika kukhala ndi kompyuta yakeyake. Iwo akuti chimenechi ndi chida cha ana a anthu olemera, ndiponso kuti madokotala akale adaphunzira bwino lomwe popanda icho. Maganizo otereŵa ndi obwezera dziko m'mbuyo, ndipo ayenera kutsutsidwa poyera.

Anthu ameneŵa aiŵala kuti sukulu ya College of Medicine isanatsegulidwe ku Blantyre m'chaka cha 1991, Amalaŵi ankaphunzira udokotala kunja, kumene nyumba zoŵerengera zinali zodzaza ndi mabuku. Masiku ano nzeru zatsopano za mankhwala zikutulukira pa intaneti. M'chaka cha 2002 bungwe la World Health Organization lidayambitsa ndondomeko ya HINARI yopatsa masukulu a m'maiko osauka mwaŵi woŵerenga mwaulere magazini zikwizikwi a zachipatala. Nkhokwe ilipo ndipo ndi yodzaza. Wopanda kompyuta ndiye alibe makwerero.

Ena akuti chipinda cha makompyuta cha pasukulu n'chokwanira. Kodi iwoŵa adaonapo m'mene wophunzira udokotala amagwirira ntchito? Usana wonse amakhala m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth, ndipo nthaŵi yake yoŵerenga ndi usiku, pamene matenda amene waona masana akadali m'maso mwake. Nthaŵi zina amatumizidwa ku Lilongwe kapena ku Mangochi, ndipo chipindacho sichimutsatira kumeneko. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Enanso akuti foni ya m'manja ikukwanira. Foni imathandiza ndithu pofuna kuona msanga mlingo wa mankhwala. Koma munthu sangaphunzire kuzindikira chifuŵa chachikulu pa chithunzi cha X-ray chochepa ngati bokosi la machesi, ndipo sangalembe lipoti la kafukufuku kapena kusanthula ziŵerengero za odwala ndi zala ziŵiri. Phunziro lidaperekedwa kale m'mwezi wa March 2020, pamene masukulu adatsekedwa kaamba ka mliri wa Covid-19: maphunziro atasamukira pa intaneti, amene adatsalira m'mbuyo anali osoŵa zida, osati osoŵa nzeru.

Komanso zipatala zenizenizo zasintha. Mbiri za anthu olandira ma ARV m'zipatala zambiri zimasungidwa m'makompyuta, ndipo ziŵerengero za m'maboma zimafika ku Unduna wa Zaumoyo kupyolera m'njira yomweyi. Dokotala wosazoloŵera chidachi adzafika pantchito ali wosakonzeka.

Mfundo imodzi yokha ya otsutsaŵa ndiyo yomveka: mtengo. Kholo lodalira mtedza kapena fodya silingagule kompyuta pamwamba pa fizi. Koma umphaŵi wa kholo si chifukwa chomanira mwana chida. Ndi chifukwa choti dziko lichitepo kanthu. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'masukulu a ukachenjede, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 2015, liyenera kuŵerengera kompyuta monga gawo la zofunika pa maphunziroŵa. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences, imene idayamba m'chaka cha 2021 polumikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, iyenera kugula zidazi pamodzi kuti mtengo utsike. Wantchito wa Boma amene ali ndi kompyuta patebulo pake yolembera makalata asalimbe mtima kukana fayilo yotere.

Nawo ophunzira ali ndi udindo: kusamala chidacho, kusunga chinsinsi cha odwala, ndi kubweza ngongole akayamba ntchito kuti anzawo adzapindulenso.

Amene adzalipire ngati nkhaniyi inyalanyazidwa si wophunzira ayi, koma mayi wodwala wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene adzagone pamaso pa dokotala wophunzira mopereŵera. Mlimi satumidwa kumunda wopanda khasu.