Dzala si kompositi, abale

Sabata yatha ndinakacheza kwa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Agriculture. Pa MSCE anakhoza bwino ndithu. Ananditengera kuseri kwa nyumba monyadira: "Sala, taonani kompositi yanga." Ndinaona dzenje lodzaza majumbo, mabatire, phulusa ndi madzi otsukira mbale. Ntchentche zokhazokha. Ndinamuuza mosapsatira mawu: mwana wanga, ili ndi dzala.

Vuto lathu lagona apa. Timaganiza kuti kompositi imapangika yokha bola tataya zinyalala pamodzi. Ayi. Kompositi imapangidwa, ndipo antchito ake ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Timafuna chakudya, madzi ndi mpweya. Mukatimana chimodzi, ntchito imaima.

Ena amati manyowa abwino ayenera kununkha. Bodza! Fungo loipa likukuuzani kuti mulu wanyowa kwambiri ndipo mpweya sukulowa. Utembenuzeni, onjezerani mapesi odula kapena udzu wouma. Zouma zichuluke kawiri kapena katatu kuposa zaziwisi. Mukafinya m'manja pazimveka chinyezi, koma madzi asachuche.

Ena akaona mulu ukutuluka nthunzi amati wawonongeka. Kutentha kumeneko ndiko tikufuna. Mulu wa mita imodzi mbali zonse umatha kufika madigiri 55 mpaka 65, ndipo njere zambiri za udzu zimafera momwemo. Zikani ndodo pakati. Ikatuluka yofunda, zinthu zikuyenda.

Nanga a changu aja, othira zitosi za nkhuku zaziwisi pa mpiru? Mawa masamba apserera, ayamba kunyoza manyowa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulu wotembenuzidwa bwino umafuna miyezi iwiri kapena itatu. Wopsa umakhala wakuda, woyoyoka, wa fungo la dothi.

Koma ndisakunamizeni ngati ena okonda kukokomeza. Thumba la kompositi silifanana ndi thumba la feteleza. Urea wa makilogalamu 50 ali ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Kompositi yolemera chimodzimodzi kawirikawiri siposa kilogalamu imodzi. Mphamvu yake ili kwina: imafewetsa nthaka, imasunga chinyezi pa ng'amba, ndipo feteleza wochepa amene mwagula movutikira uja sakokoloka msanga. Chiyambireni makuponi mu 2005, ambiri tinaiwala kuti nthaka nayonso imadya. Mwezi wa Ogasiti ukafika timatentha mapesi pofuna mbewa, nayitrojeni n'kupita ndi utsi, kenako n'kumadandaula kuti munda waguga.

Tsono aphunzitsi anzanga, mlanduwu ndi wathunso. Mwana akachedwa timati, "Kakumbe dzenje la manyowa." Akasokosa m'kalasi, "Katute ndowe." Zaka zinayi tikumuphunzitsa kuti manyowa ndi chibalo, kenako tidabwe kuti kwawo sawapanga? Pa bolodi timajambula mulu wokongola, ana n'kuloweza kuti akhoze mayeso, pamene dimba la sukulu lili gwaa ngati bwalo la mpira. Inenso ndinachitapo zimenezi, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Teremu ino kalasi yanga ya Fomu 2 ikuwunjika mulu wake, ine ndikugwira nawo khasu. Amene munadutsa m'manja mwanga, pitani kuseri kwa nyumba lero mukayang'ane bwinobwino. Ngati muli majumbo, musamanamizire kompositi. Yambani kutola.