ZA UMOYO WATHU: Mankhwala Atsopano a Likodzo

Makolo a ku Kafue alidziwa bwino likodzo. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi odekha, ndipo timalowa pakhungu la mwana pamene asamba. Pambuyo pake mwanayo amakodza magazi.

Mankhwala ake, praziquantel, anayesedwa ku Ndola m'zaka za m'ma 1970, koma mibulu yake ndi yaikulu ndiponso yowawa, kotero ana aang'ono anali kutsalira. Tsopano akatswiri apanga arpraziquantel, mibulu ing'onoing'ono yosungunuka m'madzi, ya ana a miyezi 3 kufikira zaka 6. Bungwe la WHO linaivomereza mu 2024.

Komabe mankhwala sacotsa nkhono mumtsinje. Wokodzera m'madzi ndiye afesa nthendayi. Mwana akakodza magazi, makolo athamangire naye ku cipatala.