Kuwongola miyendo kapena kuithyola?

Chaka chilichonse Marichi akamayandikira, gulu lathu la pa WhatsApp la opalasa njinga kuno ku Cape Town limatumphuka ngati ngumbi mvula ikagwa. Miyezi yonseyi anthu anali zii, koma sabata ya mpikisano ikafika aliyense ndi katswiri. Ndipo chaka chilichonse pamapezeka munthu mmodzi, tingomutcha kaputeni, amene amaponya uthenga uja: "Akuluakulu, Loweruka m'mawa tikawongoleko miyendo pang'ono, kuti Lamulungu tisakadzuke ouma." Kenako amatumiza mapu. Ukawatsegula umapeza kuti "pang'ono" uja ndi kukwera Kloof Nek, kupitiriza ku Signal Hill, kutsetserekera ku Camps Bay, kukwera mpaka pamwamba pa Llandudno, kugwera ku Hout Bay, kukwera Chapman's Peak, kutembenuka, n'kukatulukira ku Constantia Nek. Zitunda zisanu. Mawa lake kuli makilomita 109.

Ndalemba izi kuti ndikangane ndi kaputeni ameneyu, komanso ndi tonse amene timamuyankha ndi tizithunzi ta moto pomwe mumtima tikudziwa kuti akutitengera kuphompho.

Kwa amene muli kumudzi ndipo simunaumvepo, mpikisanowu ndi Cape Town Cycle Tour. Udayamba mu 1978, ndipo masiku ano umakoka anthu zikwizikwi, akatswiri enieni ndi ife opalasira thukuta chabe. Umayambira pakati pa tauni, kudzera ku Muizenberg, Fish Hoek ndi Simon's Town, kukwera Smitswinkel, kuzungulira cha ku Scarborough, kufika ku Noordhoek, ndiye n'kuyamba zenizeni: Chapman's Peak, Hout Bay, Suikerbossie, kenako kutsetsereka kudzera ku Camps Bay ndi Sea Point mpaka ku Green Point. Amene adakonza njirayi sadali achifundo. Zitunda ziwiri zimene anthu amaziopa kwambiri zili kumapeto. Suikerbossie umakumana naye patatsala makilomita osakwana 20, dzuwa litakwera, madzi a m'botolo atafunda, miyendo itayamba kale kukufunsa kuti udailakwira chiyani. Mpikisano wonsewu ndi nkhani yosunga mphamvu kuti ukafike nazo pamenepo. Ndiye munthu wanzeru zake angakonze bwanji zoti tikazimwaze dzulo lake?

Ndili ndi chifukwa changachanga chopsera mtima. Mlamu wanga adapalasapo kabaza zaka zingapo kwathu asanabwere kuno kudzagwira ntchito za m'minda ya maluwa. Munthu ameneyu njinga amaidziwa. Adasunga ndalama miyezi yambiri, n'kugula njinga yakale ya matayala owonda, n'kulipira ndalama yolowera mpikisano, imene kwa munthu wolandira malipiro ngati ake si yochepa, pomwe kumudzi akudikiranso za feteleza ndi za sukulu. Adakonzekera bwino ndithu, m'mawa uliwonse asanapite kuntchito. Loweruka lija adabwera nafe chifukwa anali watsopano pagulu, ndipo mlendo sakana zimene eni mudzi akonza. Pa Kloof Nek adatisiya tonse. Pa Chapman's Peak kaputeni adamuputa, iye n'kuvomera, awiriwo n'kumathamangitsana mpaka pamwamba ife tikuwakuwiza. Tidafika kunyumba dzuwa lili paliwombo, titapalasa maola opitirira anayi.

Lamulungu, mlamu adayenda bwino mpaka ku Simon's Town. Pa Smitswinkel adayamba kumva miyendo kulemera. Pa Chapman's Peak, pomwe dzulo lake adali mfumu, minofu ya m'ntchafu idakokana, n'kutsika panjinga. Adakankha, adakweranso, idakokananso. Suikerbossie sadamuone n'komwe ali pachishalo. Adathera m'mbali mwa msewu ku Hout Bay, atakhala pansi, njinga ili gone pambali pake, anthu a mimba zawo amene sadanyamulepo thumba la chimanga pa keliyala akumudutsa akuimba. Madzulo ake sadadye. Adangoti, "Alamu, ndiye ndiwauza chiyani ana?" Kaputeni uja adamaliza bwinobwino, pajatu iye ali ndi zaka zambiri m'masewerawa, ndipo pagulu adangolemba kuti chaka chamawa mlamu akonzekere mokwanira.

Ayi, bambo. Adakonzekera mokwanira. Mpikisano wake mudaudya ndinu Loweruka, ife tikukuombereni m'manja.

Tiyeni tikambe za thupi, chifukwa thupi silimva za ulemu wa pagulu. Ukamapalasa mwamphamvu, makamaka pachitunda, minofu imadya shuga wosungidwa m'minofumo ndi m'chiwindi, amene akatswiri amamutcha glycogen. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono. Ukalimbikira kwambiri osadya kanthu, pakatha ola limodzi ndi theka kapena maola awiri imakhala yapepuka. Ukaikokolola, kuti idzadzenso pamafunika pafupifupi tsiku lathunthu ukudya bwino ndi kupuma. Kuchoka Loweruka masana kufika Lamulungu mbandakucha, nthawiyo ndi yoperewera, makamaka kwa munthu amene madzulo omwewo akachapa, akaphika, mwinanso akagwira kaganyu. Chachiwiri, kukakamiza minofu kuposa mmene idazolowera kumaivulaza pang'onopang'ono m'kati, ndipo ululu wake subwera nthawi yomweyo. Umadzafika pachimake patapita tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kuti pa nthawi yeniyeni imene uli pamzere woyambira. Chachitatu, ndipo ichi n'chimene anyamata safuna kumva: mphamvu sizibwera pa tsiku limene wavutika. Zimabwera pambuyo pake, thupi likapuma n'kudzikonza, ndipo zimatenga masiku ndi masabata. Palibe chitunda chimene ungakwere Loweruka n'kukuwonjezera mphamvu za Lamulungu. Chimene chingakupatse ndi kutopa basi. Mbuzi siinenepa pa tsiku la msika.

N'chifukwa chake akatswiri enieni, amene njinga ndiyo imawadyetsa, amachepetsa mtunda mpikisano waukulu ukayandikira. Dzulo lake amatulukadi, koma kwa kanthawi, mofatsa, n'kuthamangako pang'ono kangapo kuti miyendo ikumbukire ntchito yake, basi n'kubwerera kukagona. Ife amene timapalasa tikaweruka kuntchito ndiye tikufuna kuwaposa nzeru?

Ndikudziwa zimene kaputeni anganene, poti tidakanganapo kale.

Amati munthu ayenera kuzidziwa zitunda asanakumane nazo pampikisano. Apa ndikugwirizana naye ndi mtima wonse. Kudziwa kuti Chapman's Peak ukamachokera ku Noordhoek amakunyenga, umakwera n'kutsikako pang'ono n'kuganiza kuti watha pomwe kukwera kwenikweni kukubwera, n'kothandiza kwambiri. Kudziwa giya imene ungakwerere Suikerbossie utatopa n'kothandizanso. Koma sukulu imeneyi nthawi yake ndi Januwale ndi Febuluwale. Zitundazi sizisamuka. Amene akufuna kuwerenga silabasi yonse usiku woti mawa ndi mayeso tonse tikumudziwa, ndipo tikudziwanso mmene zimathera.

Amatinso ife Amalawi ndife olimba, tidakulira panjinga, tisamadziyerekeze ndi anthu ofooka. Mawu okoma m'khutu. Koma pitani mukaone anthu amene njinga ndi khasu lawo. Wamakala amene akulowa mu Blantyre m'bandakucha ndi matumba atatu, akafika pachitunda amatsika n'kukankha, ndipo sachita nazo manyazi. Wakabaza sathamangitsana ndi mnzake popanda pasenjala, chifukwa akudziwa kuti miyendo yomweyo ndi imene idyetse ana madzulo ndi mawa lomwe. Anthu amenewa amasunga mphamvu ngati ndalama. Kumwaza mphamvu kuti anthu akuone tidakuphunzira kuno, pa Strava, pomwe aliyense amafuna kuti dzina lake lioneke pamwamba ndi tizala ta anzake tili mbwee. Tisanamizire makolo athu.

Amati palibe amene amakakamizidwa, wosafuna akhale. Awa ndiye mawu amene amandinyansa koposa. Pagulu la amuna, kunena kuti "ine ndatopa, ndibwerera pano" n'kovuta kuposa kukwera chitunda chenichenicho. Watsopano sanganene. Wamng'ono sanganene pamaso pa akuluakulu. Mayi mmodzi yekha amene ali pagulu la anyamata khumi sanganene, chifukwa akudziwa zimene zilankhulidwe iye akangotembenuka. Ndipo amene sakudziwa njira sangabwerere yekha ngakhale atafuna. Wojambula mapu ndiye wasankhira onse. Ngati wajambula poyesa miyendo yako yokha, usadzatiuze kuti aliyense anali ndi ufulu.

Chomaliza chimene amanena chili ndi kamtima, ndipo sindichinyoza. Pali anzathu ochokera ku Johannesburg ndi kwina amene amafika Lachisanu n'kubwerera Lolemba, ndipo amafuna kuona Chapman's Peak ndi maso awo, kujambulitsa, kutumiza kumudzi. Ndani angawadzudzule? Msewu umene uja, makilomita 9 osemedwa m'thanthwe, nyanja ili pansi, ndi wokongola zedi. Koma adzauona Lamulungu, utatsekedwa kuti magalimoto asadutse. Loweruka msewu ndi wa aliyense: mabasi a alendo, matakisi, oyendetsa amene maso ali kunyanja, kuphatikizapo mazanamazana a opalasa anzathu amene magazi akuwira. Msewuwo uli ndi makona 114 ndipo ndi wopanikizika. Kutsetsereka pamenepo muli gulu, mukupikisana, ndi njira yachidule yokaonera mpikisano uli pabedi la kuchipatala. Ngati n'zithunzi, kwerani galimoto madzulo, mukajambulitse mutavala bwino.

Palinso mphepo, imene ojambula mapu amaiiwala nthawi zonse. Nyengo ino kuno kumaomba mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, m'bale wake wa mwera wa kunyanja kwathu. Mu 2017 idaomba mpaka mpikisano udalephereka m'mawa womwewo, anthu akugwetsedwa ndi njinga zawo poyambira. Ulendo umene pa mapu ukuoneka wa maola awiri, mphepo imeneyi ikakupeza pobwerera umasanduka wa maola atatu ndi theka. Ndipo ngati yaomba Loweruka, ikhoza kuombanso Lamulungu, pomwe udzafune kadontho kalikonse ka mphamvu kamene udataya.

Tsono ndikufuna chiyani? Sindikuti tigone tsiku lonse, ndipo sindikudana ndi zitunda. Ulendo wautali wa zitunda zonse uchitike, koma womaliza ukhale patatsala sabata imodzi kapena awiri. Sabata yomalizayo tichepetse. Loweruka tituluke m'mawa kusanatenthe, osapitirira ola limodzi. Kuchoka ku Sea Point, kutsata Victoria Road kudzera ku Clifton mpaka ku Camps Bay, kupitirirako pang'ono, n'kutembenuka. M'njiramo muli tizitunda tokwanira kuyesa magiya onse ndi kudzutsa mtima. Katatu kapena kanayi tithamangeko kwa theka la miniti kapena miniti imodzi, kenako tifatsenso. Kwina konseko tiziyenda pa liwiro loti munthu angathe kukamba nkhani osapuma wefuwefu. Ntchito yeniyeni ya ulendowu ndi kumvetsera njinga: tcheni chikudumpha kapena ayi, mabuleki akugwira, tayala silikuphwa, chishalo sichikusuntha. Vuto ukalipeza Loweruka m'mawa, okonza njinga akadali otsegula. Ndipo chatsopano chilichonse, kaya nsapato kaya chishalo chobwereka, chidikire sabata yamawa.

Wokonza ulendo alembe zoona mu uthenga wake: makilomita angati, zitunda ziti, potembenukira pati, tibwerako nthawi yanji. Liwiro likhale la amene ali wofooka kuposa onse, ndipo wamphamvu kuposa onse akhale kumbuyo, osati kutsogolo. Akafuna kuonetsa ukatswiri, mawa kuli makilomita 109 ndi anthu zikwizikwi oti awapitirire. Tikabwerako tidye nsima yathu kapena mpunga, timwe madzi, tikonzeretu nambala, nthochi ndi chubu chapadera, tikweze miyendo pampando. Akuluakulu adati kuthamanga sikufika, ndipo sadanene izi ali pa WhatsApp.

Mlamu wanga walembetsanso chaka chino. Ndalama yake yachokanso m'thumba lomwe lija. Uthenga wa kaputeni wafika kale dzulo usiku, ndipo ulendo uno wawonjezeramo Ou Kaapse Weg, kuti mwina zisanu zija zidachepa. Tizithunzi ta moto tafika kale khumi ndi tiwiri. Ine ndayankha kuti Loweruka 6 koloko ndidzakhala ku Sea Point, ulendo wa mphindi 50, wopita pang'onopang'ono, ndipo tiyi ndigula ndine. Mpaka pano wayankha ndi mlamu yekha, ndi mtsikana wina amene chilowereni pagulupo anali asanalembepo kanthu. Atatu takwana. Enanu tikakupezani pa Suikerbossie.