NKHOPE IYI NDI YA NDANI?

Mawu athu lero ali pa Mateyu 22:15-22 ndi Genesis 1:27.

Inu amalonda, ndalama mumaidziwa bwino. Akuluakulu akukumbukira kuti kwacha yathu inali ndi nkhope ya Kaunda, ndipo anaichotsa iye atatsika pampando mu 1991. Inu a ku Vubwi amene mumagwirako ndalama ya Malawi, Chilembwe ndi Kamuzu mumawaona kawirikawiri. Yesu naye atafunsidwa za msonkho anaitanitsa ndalama, nafunsa mwini wake wa nkhope inali pamenepo. Ndalamayo inali ya Kaisara chifukwa inanyamula chithunzi chake. Nanga munthu, amene analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, mwini wake ndani?

Ndafunsa dala. Pakati pathu pali achinyamata ojambula nkhope za anthu pamanja, ndi pensulo, ena ndi makala. Ambiri timawaona ngati osowa chochita. Ine ndikuti ntchito imeneyi tiilemekeze, tiilipirenso.

Taganizani, kwathu kuno nkhope imaikidwa poyera ndi ya ndani? Wandale, pa chitenje cha kampeni. Munthu wamba amadikira tsiku la maliro kuti aoneke pa T-shirt. Tsiku limenelo ndiye mpungwepungwe, kusakasaka chithunzi m'masutikesi, n'kupeza ka pa NRC kokha, kofufuma, mwina kamene anajambulitsa ali ndi zaka 16. Za m'foni zinapita ndi foni imene inabedwa. Mayi amene anaphunzitsa ana asanu ndi ndalama ya tomato, adzukulu ake sadzadziwa n'komwe mmene ankasekera.

Mukaona wojambula wakhazika agogo pa mpando, muimeko pang'ono. Foni imatha ntchito m'kuphethira kwa diso. Wa pensulo amakhala maola, kuyang'ana, kufufuta, kuyang'ananso. Amaona makwinya a dzuwa la kumunda wa thonje, mphini za pa tsaya, chipsera cha pa mphumi. Sangajambule munthu amene sanamuyang'anitsitse. Manje ife, ndi liti pamene tinayang'ana munthu chotero? Kasitomala timamuyang'ana m'manja kuti wagwira zingati. Wa njinga amene amatinyamulira matumba a nshawa timangomuti "iwe", dzina sitilidziwa. Yakobo 2 amatidzudzula pa zomwezi: wovala bwino timam'patsa mpando, wausiwa timamuuza aime uko.

Wina anena kuti, "A Reader, nanga lamulo loletsa mafano pa Eksodo 20?" Werengani ndime yonse. Choletsedwa ndi kupanga chinthu kuti uchigwadire. Mu Eksodo momwemo, mutu 31, Mulungu anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti agwire ntchito zaluso. Cathedral yathu ya ku Msoro ili ndi dzina la Luka Woyera, amene timam'kumbukira pa 18 October. Baibulo limamutcha sing'anga, ndipo mwambo wakale wa mpingo umati analinso wojambula, n'chifukwa chake ojambula amamutenga ngati nkhoswe yawo. Chithunzi cha amayi anu pa khoma si fano. Fano lenileni ndi ija nkhope ya pa ndalama, tikaikonda kuposa nkhope ya mnzathu.

Tsono ndikupempha zinthu ziwiri.

Choyamba, ngati makolo anu akali moyo, mukagulitsa soya kapena chimanga patulani kangachepe, muitane wojambula awajambule akali kupuma, achione okha, aseke. Inu a Mothers' Union, mungachitenso chimodzimodzi kwa agogo amene akhala akusesa tchalitchi zaka zonsezi. Ndipo wojambulayo musamunenerere mpaka kumupsinja. Pepala amagula, pensulo amagula, tsiku lathunthu wataya. Inu munthu akafuna katundu wanu pa mtengo wa oda mumamva bwanji?

Chachiwiri sichifuna ngwee. Mawa pa kantemba panu, musanawerenge ndalama ya kasitomala woyamba, muyang'aneni kumaso, mum'patse moni wabwinobwino. Ndalamayo ndi ya boma. Munthuyo ndi wa Mulungu.

Tipemphere. Ambuye, munatiumba m'chifanizo chanu. Tsegulani maso athu kuti tikuoneni mwa anzathu, ndipo dalitsani manja a onse ogwira ntchito zaluso. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.