Mlendo Atalanda Bwalo la Milandu

Alipo ena amene amati Angerezi ndiwo anatiphunzitsa chilungamo. Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza. Mzungu asanafike, mabwalo a mafumu ankazenga milandu ya minda, ya maukwati ndi ya chuma chamasiye, namalipiritsa wolakwa kuti mabanja ayanjanenso.

Mu 1902 boma la Britain linakhazikitsa Khothi Lalikulu ku Blantyre, nililamula kutsata malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa 11 Ogasiti chaka chomwecho. Malamulo a makolo athu ankaloledwa pokhapokha ngati sakusemphana ndi chilungamo ndi makhalidwe abwino. Nanga woyeza makhalidwewo anali yani? Anali woweruza wachizungu yemweyo!

Bala lalikulu linali la nthaka. Mfumu inkasungira anthu ake malo, sinkawagulitsa ayi. Koma zikalata zimene Harry Johnston anayamba kupereka kwa Azungu mu 1892 zinasandutsa nsalu ndi mikanda kukhala mtengo wa dziko. Eni nthaka ku Thyolo ndi ku Mulanje anasanduka alendo ogwira thangata. Kodi n'zodabwitsa kuti John Chilembwe anagalukira boma mu 1915?

Inu ophunzira, lamulo limene limateteza wolanda ndi kulanga wolandidwa musalitche chilungamo.