Zilembo ziwiri zinandidyera Loweruka lonse

Pamwamba pa kabati m'chipinda cha aphunzitsi pasukulu pathu pali kabokosi kakuda kokhala ndi tinyanga tiwiri. Ndi rauta yakale imene anatipatsa mwana wina wa m'mudzi muno amene amagwira ntchito m'tauni. Intaneti ilibe. Ntchito yake ndi kulumikiza mafoni a ophunzira ndi laputopu yathu, momwe tinasungamo manotsi ndi mapepala a mayeso a MSCE a zaka zam'mbuyo. A Fomu 4 akaweruka amakhala pansi pa mango n'kumakopera.

Alonda ndiwo anayamba kudandaula. Anyamata a pamsika ankabwera usiku kudzazungulira mpanda, kusaka intaneti yaulere yomwe kulibe. Ahedi anati tizizula kabokosiko poweruka, koma wotseka chitseko ankaiwala, wina akazula wa m'mawa n'kuiwala kulumikiza. Mapeto ake anati chichotsedwe. Ine ndinapempha tchuthi chimodzi chokha kuti ndikaphunzitse kuzimitsa wifi madzulo ndi kuyatsa m'mawa pakokha.

M'kabokosika muli OpenWrt, pulogalamu yoyendetsa marauta imene anthu odzipereka anayamba m'chaka cha 2004, pogwiritsa ntchito Linux ya Linus Torvalds yomwe inabadwa mu 1991. Malo osungira zinthu mu rauta yathu ndi 4 MB basi, oti nyimbo imodzi ya m'foni mwanu ikhoza kudzaza. Marauta opanikizika chonchi anasiyidwa pa OpenWrt 19.07, ndipo ife tili pomwepo. Pamalo ochepa otere sungalowetse chilichonse. Umayenera kudzipangira pulogalamu yonse mwatsopano, kusankha cholowa ndi chotsala.

Ndinapita kwa msuweni wanga kuboma, kumene kuli magetsi ndi netiweki. Ukalemba make menuconfig pakompyuta pamabwera chinsalu cha buluu chokhala ndi mndandanda wa zosankha wautali zedi. Ukadina y, chinthucho chilowa. Ukadina n, chitsala. Ukadina m, chipangidwa koma chiikidwa pambali. Ukadina chizindikiro cha funso, pamabwera mawu ofotokoza kuti chinthucho n'chiyani.

Mawu amenewo ndi amene ndikufuna tikambirane lero. Sagwa kumwamba. Kuseri kwa chosankha chilichonse kuli timizere tingapo tomwe munthu wina anakhala pansi n'kulemba: dzina la chosankhacho, mtundu wa yankho lomwe chimalandira, yankho loti ligwire ngati munthu sanakhudzepo, zinthu zina zomwe chimadalira, ndi ndime yofotokozera. Kalembedwe kake amakatcha Kconfig. Anakakonza ndi Roman Zippel ndipo kanalowa mu Linux mu 2002. Lero mapulojekiti ena a timakina ting'onoting'ono, monga Zephyr ndi NuttX, amatsata komweko.

Amene anandigometsa ndi a BusyBox, phukusi la timapulogalamu tambirimbiri tomwe rauta imadalira. Pambali pa dzina la kapulogalamu analembapo kukula kwake m'makilobayiti, ngati mtengo wolembedwa pa katundu m'golosale. Munthu wa 4 MB ngati ine ndinkadziwiratu kuti ndikachotsa ichi ndipulumutsa malo otani. Komanso timizere tofotokozerato amatilemba pamwamba pa fayilo yomweyo momwe muli kapulogalamuko, kuti wosintha pulogalamu aziona ndi maso ake mawu amene akufunika kusinthidwa nawo. Wina anaganiza bwino pamenepa. Ife aphunzitsi timadziwa zimene zimachitika sikimu ikamakhala mu ofesi ya ahedi pomwe phunziro likuchitikira m'kalasi: pofika sabata yachisanu ziwirizi sizidziwananso.

Tsono inafika nthawi yanga. Ndinalemba kapulogalamu kanga ka mizere yochepa, n'kukalembera chosankha chake kuti nako kazioneka pamndandanda. Kuti kagwire ntchito kamadalira crond, kapulogalamu ka BusyBox kamene kamayang'ana wotchi n'kudzutsa zinzake nthawi ikakwana. Pamzere wa depends on, pomwe umatchula chimene ukudalira, ndinalemba CORND m'malo mwa CROND.

Kompyuta sinanene kanthu. Inangobisa chosankha changa. Ndinasaka m'mndandanda monse, ndinazimitsa laputopu n'kuyatsanso, ndinagula bandulo ina n'kukoperanso zinthu zomwe ndinali nazo kale. Nsima inazizira patebulo. Dzuwa litapendeka, mwana wa msuweni wanga wa Sitandade 7, amene ankangoonerera, analoza ndi chala n'kunena kuti, "Ankolo, apa ndi apa sizikufanana."

Chifukwa chake n'chosavuta. Kconfig ikakumana ndi dzina limene palibe analitchulapo, imalitenga ngati yankho lake ndi ayi. Chimene ukudalira chikakhala ayi, iwenso sukuoneka. Vutoli ndi lodziwika, moti a Linux anachita kulemba kapulogalamu kapadera kosaka mayina amasiye otere. Amabwera chifukwa cha chala chotereka ngati changa, kapena wina akasintha dzina la chosankha pamalo amodzi n'kuiwala malo ena onse amene ankalitchula. Pali anthu amene ntchito yawo yaikulu ndi kusesa zoterezi, ndipo mayina awo sitiwamva pawailesi.

Ndinakonza zilembo ziwirizo, zonse n'kuyenda. Koma chifukwa cha kutopa, ndime yofotokozera ndinaisiya yopanda kanthu. Ndinati ndine mwini, ndingaiwale bwanji?

Teremu yachitatu ana anayamba kubwera m'mamawa kudzawerenga mayeso atayandikira, ndipo anapempha kuti wifi iziyaka msanga. Nditatsegula mndandanda ndinapeza chosankha changa chachiwiri, chofuna nambala, ndipo panali 4. Folo ya chiyani? Ola loyatsira? Maola odikira? Ndinadina chizindikiro cha funso, chinsalu n'kundiuza kuti palibe chithandizo. Wondimana chithandizoyo ndinali ine ndemwe. Zinanditengera madzulo awiri kukumbukira kuti wotchi ya kabokosiko ndinaisiya pa nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya kuno, moti 4 ameneyo ndi 6 koloko m'mawa. Masiku awiri amenewo ana anangokhala panja ndi mafoni opanda kanthu.

Ena anganene kuti zonsezi n'zochulutsa pa kabokosi kamodzi ka kumudzi. Mwina. Koma mphunzitsi wa boma sakhala pamalo mpaka kalekale. Kalata yosamutsa ikhoza kubwera Lolemba lililonse, ndipo wodzandilowa m'malo sadzakhala ndi ine woti amufunse. Akadzalephera kumvetsa nambala imodzi, kabokosiko kadzatsitsidwa n'kuponyedwa m'katoni momwe muli kale maikulosikopu awiri amene palibe akudziwa chomwe chinawavuta.

A Linux ali ndi kapulogalamu koyendera ntchito ya munthu asanaitumize, ndipo kamachenjeza ndime yofotokozera ikachepera mizere inayi. Yanga tsopano ili ndi mizere isanu ndi umodzi. Ikunena kuti nambalayo ndi ola, kuti uchotsepo awiri pa nthawi ya kuno, ndiponso kuti magetsi akathima wotchi imasokonekera mpaka laputopu itayatsidwa. Ndinailembanso m'Chichewa papepala n'kumata pachitseko cha kabati. Mayi amene amaphunzitsa Agriculture anawerenga n'kusintha okha ola Lachitatu lapitali, ine ndili kumaliro.